Vainess Anasankha Tawuni pa Maliro

Anthu akamasamuka amayang'ana zinthu zodziwika: lendi, ntchito, sukulu ya ana, ndiponso ngati basi imadutsa pafupi. Mayi Vainess Chagomerana nawonso anayang'ana zonsezo, ndipo aliyense wowafunsa chimene anasiyira Denver n'kudzakhala ku South Bend ankamuuza kuti kuno n'kotchipa. Sankanama ayi, kunalidi kotchipa. Koma chimenecho chinali chifukwa chouza alendo.

Kwawo kunali ku Ntcheu, kumtunda kwa Tsangano komwe kumachokera mbatata ya kachewere, ndipo chiwongo chawo chinali Nangozo. Anafika ku America mu 2003, atachita mwayi pa maere a ziphaso zokhalira m'dzikoli, amuna awo atangoikidwa kumene m'manda. Anatsika ndege ku Denver ndi sutikesi imodzi ndi mwana wawo yekhayo, Shalom, yemwe panthawiyo anali asanayambe n'kugweluka mano komwe. Anapeza ntchito kunyumba yosungirako okalamba. Ankawasambitsa, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda, kuwadyetsa, ndi kupirira akamatukwanidwa ndi nkhalamba zomwe zinaiwala mayina a ana awo. Anali mayi wochepa thupi, wa chikwama chachikulu chosasowa chitenje ndi Panado. Khalidwe lawo lalikulu linali losafuna kuvutitsa munthu. Ngakhale chitseko chiwapane chala, ukawafunsa ankati, "Ndili bwino, kaya inu."

Mmalawi yekhayo amene ankaonana naye kawirikawiri ku Denver anali Kingsley, bambo wa ku Nkhotakota wogwira ntchito kukhitchini ya panyumba yomweyo. Sanali pachibale, ndipo ubwenzi wawo sunapitirire moni wa m'khonde, koma moni wa m'Chichewa kudziko la eni umakoma. Kingsley ankakhala yekha m'kachipinda kapansi pa nyumba ya munthu wina, ndipo abale ake anali atayambana nawo kalekale. Sabata ina sanabwere kuntchito. Anamupeza patapita masiku, mwini nyumba atadabwa ndi fungo.

Thupi lake linakhala kumochale milungu ingapo. Mayi Vainess anaimba mafoni kulikonse komwe ankaganiza, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo kutumiza maliro ku Malawi si ntchito ya mayi mmodzi wolipidwa pa ola. Pamapeto pake thupilo linawotchedwa. Anawapatsa kabokosi kolemera ngati mapaketi awiri a shuga, ndipo anakatumiza kudzera mwa mnyamata wina wasukulu amene ankapita kwawo. Mlongo wake wa Kingsley anakana kukalandira. Anati iwo anatumiza munthu ku America, sanatumize phulusa.

Chaka chomwecho, dokotala anawauza Mayi Vainess kuti kachitseko kena ka mumtima mwawo sikatseka bwino, mwina chifukwa cha matenda omwe anadwala ali mwana. N'chifukwa chake ankapuma mwawefuwefu akakwera masitepe. Pafunika opaleshoni yotsegula pachifuwa, anatero dokotala, osati mawa, komanso osati kudikira zaka. Iwo anathokoza mwaulemu, anatuluka, n'kukakhala m'galimoto osailiza. Anachita mantha. Imfa yeniyeniyo ankaiopa ndithu, koma chomwe chinkawaopsa kwambiri chinali china. M'maganizo mwawo ankaona Shalom ataima yekha pakauntala ya ofesi ina, akusainira kabokosi, popanda mayi wina aliyense womugwira paphewa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sanauze munthu. Shalom anali m'chaka chomaliza cha sekondale, mutu uli pa za kukoleji, ndipo lendi ya ku Denver inali ikukwera ngati pali woithamangitsa. Choncho mayiwo atanena kuti asamukire ku chigawo china, kumene kuli koleji ya boma komanso moyo wosaboola m'thumba, nkhaniyo inamveka yanzeru. Anatchula Indiana chifukwa kunali mlamu wawo Lucious, msuweni wa malemu amuna awo, yemwe ankagwira ntchito mu labu ya payunivesite ku Indianapolis. Panali matawuni awiri oti asankhepo, Indianapolis ndi South Bend, ndipo mu Meyi 2015 anakwera ndege kuti akaone ndi maso.

Shalom anaikonda Indianapolis asanatuluke n'komwe pabwalo la ndege. Lucious anawazungulitsa pakoleji yomwe ili m'kati mwa tawuni, kenako anawatengera ku Lafayette Road, kumene masitolo a anthu obwera andandalikana, a ku Mexico, a ku Nigeria, a ku Vietnam. Mayi Vainess anapeza ufa woyera ndi nsomba zouma, n'kununkhiza nsombazo mokayikira. Nyumba yomwe Lucious anawapezera inali kufupi ndi dera lotchedwa Speedway, ya zipinda ziwiri, yaukhondo, lendi yake yopiririka. Akuyang'ana m'makabati a kukhitchini, kunja kunabuka chiphokoso chogwedeza mawindo. Mtima wawo unadumpha n'kuyamba kugunda mosokonekera, ndipo anagwira m'mphepete mwa sinki.

"Musaope alamu, ndi magalimoto ampikisano akuyeserera," anatero Lucious akuseka. "Ndi mwezi uno wokha. Ukatha, kuli zii."

Shalom anali pawindo, foni m'mwamba, akujambula phokosolo kuti atumizire anzake. Sanaone kuti mayi ake atuwa milomo.

Madzulo ake mtsikanayo atalowa m'sitolo kukagula zakumwa, Mayi Vainess anatsala ndi mlamu wawo m'galimoto. Anayamba ndi kufunsa za mtengo wa magetsi, kenako za mabasi, kenako anafika pomwe ankafuna.

"Alamu, nanga kuno munthu akatisiya mumatani?"

Lucious anawayang'ana modabwa pang'ono, koma funso lotere kwathu si lachilendo. "Timasonkha, alamu. Uthenga umayenda pa WhatsApp, aliyense amaponya kangachepe, thupi limapita. Vuto lathu ndi loti tinamwazikana. Wina ali ku Fishers, wina ku Greenwood, kuti tikumane mpaka munthu akhansele shifiti. Timayesetsa ndithu. Koma ngati mukufuna kuona kumudzi kwenikweni, ndi ku South Bend. Mawa ndikudiraivira komweko, kuli zovuta. Tipitire limodzi, mukaonenso koleji yakeyo."

Ananyamuka m'mawa Loweruka. Msewu unali wowongoka, minda yachimanga chongomera kumene mbali zonse, popanda phiri ngakhale limodzi loti munthu wa ku Ntcheu apumitsirepo maso. Shalom anagona njira yonse.

Nyumba ya maliro inali yamatabwa, yakale, mumsewu wa mitengo ikuluikulu. Magalimoto anali atadzaza msewu wonse mpaka pakona. Womwalirayo anali mayi wachikulire yemwe anabwera kudzaona mdzukulu wobadwa kumene, n'kudwala mwadzidzidzi. Abambo anali pamipando m'galaja, chitseko chotsegula, akulankhula motsitsa mawu. Pakhomo panali mulu wa nsapato. M'chipinda chochezera mipando inali itakankhidwira kukhoma, amayi atakhala pansi pakapeti, miyendo yotambasula, zitenje m'chiuno, mipango kumutu. Ena anali atavala yunifolomu ya kuchipatala m'kati mwa chitenje, kusonyeza kuti achokera kuntchito osadzera kunyumba. Wina anayambitsa nyimbo ya m'buku, ndipo onse anailandira popanda woyang'ana m'bukumo.

Mayi Vainess anatulutsa chitenje m'chikwama, anamanga, n'kukhala pansi. Kunena zoona, sanabwere kudzalira. Ena pogula nyumba amagogoda makoma ndi kutsegula mipope, iwo anabwera kudzayendera maliro. Anaona mmene mbale yachipepeso inkayendera mwakachetechete. Anaona kuti wofedwayo sanasiyidwe yekha ngakhale kamphindi, wina akadzuka pambali pake wina ankakhalapo. Anamva bambo wina akulengeza kuti zonse zatheka, thupi linyamuka sabata yamawa kupita ku Lilongwe, ndipo mmodzi wa iwo aliperekeza. Atamva mawu akuti aliperekeza, zoyendera zija zinathera pomwepo. Analira mokweza, kulira kwa kwathu kotchula mayina, mpaka amayi oyandikana nawo anayamba kufunsana ngati mlendoyu anali mbale wa malemu. Malemuwo sanawaonepo ndi kamodzi komwe, ankadzilira okha.

Shalom anali ataima pafupi ndi khomo atavala buluku la jinzi, osadziwa poika manja. Pamenepo m'khitchini munatuluka mayi wamtali, wonenepa, wa mawu osafuna maikolofoni. Anali Mayi Belinda, namwino wa pachipatala chachikulu cha pafupi ndi pakati pa tawuni, amene pamaliro aliwonse a ku South Bend ankakhala ngati kapitawo popanda womusankha.

"Iwe, ndiwe mwana wa ndani?"

Shalom analoza mayi ake, n'kuyankha m'Chingerezi kuti iwo ndi alendo, angobwera kudzaona koleji.

"Yankha m'chinenero chilichonse chomwe ukufuna, bola makapu awa afike kugalaja," anatero Mayi Belinda. Anavula chitenje chimodzi mwa ziwiri zomwe anavala, anam'manga nacho mtsikanayo m'chiuno mokoka ngati akumanga thumba, n'kumupatsa thireyi ya tiyi. "Ukapereka ugwade pang'ono. Ukabwerako udzadye, ukuoneka kuti sunadye."

Mayi Vainess anaona zonsezo kudzera m'misozi. Mwana wawo, amene ku Denver analibe womukalipira kupatula iwo, anali akutumidwa ndi mayi wosamudziwa, ndipo anapita. Nkhani ya kosamukira inathera pamenepo. Koleji ija ya m'mbali mwa mtsinje anakaiona madzulo ake ali m'galimoto, osatsika. Anaona kokwerera mabasi pakati pa tawuni, nyumba zakale zamakhonde, ndi malo ena opanda kanthu pomwe nyumba zinagwetsedwa. Atafunsa lendi, anapeza kuti inali yotsika kuposa ya ku Speedway. Anasangalala, chifukwa tsopano anali ndi chonena.

Atabwerera ku Denver, mkangano unabuka pakati pa makatoni. Shalom ankamva Chichewa chonse koma ankayankha m'Chingerezi, ndipo akakwiya Chingerezicho chinkathamanga.

"Mami, ku South Bend kulibe chilichonse. Tinakaona maliro basi. Munthu angasankhe tawuni chifukwa cha maliro?"

Mayi Vainess anamva ngati wawaponda pachilonda. Anawerama n'kumakulunga mbale m'nyuzipepala. "Ndasankha chifukwa cha lendi. Ukufuna umalize koleji kapena ukufuna kuonera magalimoto?"

"Ku Indianapolis kuli ntchito zambiri, kuli Ankolo Lucious."

"Ankolo ako ndi mwamuna, ali ndi banja lawo. Ndanena ndanena."

Shalom sanawalankhule masiku angapo. Kenako anagonja, monga amachitira ana oleredwa ndi mayi yekha, amene amadziwa kulemera kwa lendi asanadziwe kuyendetsa galimoto. Anasamuka mu Ogasiti.

Ku South Bend Mayi Vainess anapeza ntchito yonga yomwe ija mosavuta, pakuti okalamba sasowa kulikonse. Anapeza nyumba yapansi, yopanda masitepe, pamsewu wodutsa basi yopita kukoleji. Ndiyeno anayamba ntchito yawo yeniyeni. Maliro n'kulirana, ndipo iwo anafika mochedwa, choncho anafunika kuthamanga. Kuno munthu akafedwa kumudzi, ngakhale thupi lili ku Mzimba, anthu amasonkhana kunyumba kwake kudzakhala naye. Mayi Vainess sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Ankafika oyamba, atanyamula poto wa nyemba kapena beseni la mandasi, n'kuchoka omaliza atatsuka mbale zonse. Ankasinthanitsa mashifiti, ankapita ndi kwa anthu omwe sankawadziwa mayina. Kumaukwati ndi kumaphwando a ana ankangoonekera pang'ono, koma pamaliro ankakhazikika. Ankamukoka Shalom kuti apite nawo, n'kumamukankhira kukhitchini kwa Mayi Belinda kuti azolowerane. Pofika Khirisimasi, anthu ankati Anangozo ndi munthu wa mtima wabwino. Akamva zimenezo ankamwetulira mwamanyazi, poti mtima womwe ankautamawo unali ukuchucha.

Chisanu cha ku South Bend sichili ngati cha ku Denver, komwe dzuwa limatuluka n'kusungunula zonse. Kuno chipale chofewa chimachokera kunyanja ya Michigan, chimagwa osapumira, ndipo thambo limakhala lotuwa milungu yathunthu. M'mawa wina wa mu Januwale, akupala madzi oundana pagalasi la galimoto, mpweya unawathera. Anakhala pansi m'chipalemo, msana utatsamira tayala, akumva mtima ukupalapata ngati nkhuku yogwidwa miyendo. Msewu unali zii. Anaganiza kuti basi, ndi pano, ndipo Shalom adzandipeza akamachokera kukalasi. Anapemphera pemphero lopanda mutu, lobwereza mawu amodzi, kuti Ambuye musalole kuti wondipeza akhale mwana wanga. Patapita nthawi mpweya unabwerera. Anadzuka, anasasa chipale pa siketi, n'kupita kuntchito.

Sabata yomweyo anakaonana ndi dokotala wa mtima, inshuwalansi ya kuntchito yatsopano itayamba kugwira. Tsiku la opaleshoni linaikidwa, kumayambiriro kwa Malichi. Anawafunsa amene adzakhale nawo kuchipatala, ndi amene adzawasamalire kunyumba milungu yotsatira, poti sadzatha kunyamula ngakhale ketulo. Anayankha kuti alipo ambiri. Anakonza zoti adzauze Shalom kuti akukagona kuchipatala usiku umodzi kuti akawaunike. Za pambuyo pake sanakonze chilichonse. Mumtima mwawo sankakhulupirira kuti adzadzuka pa tebulo limenelo, ndiye akonzerenji za kuchira?

Koma apa m'pamene nzeru zawo zinaperewera. Anasankha tawuni chifukwa inadzaza Amalawi, n'kuiwala komwe Amalawiwo amagwira ntchito. Tsiku lomwe anapita kukayezedwa magazi okonzekera opaleshoni, akutuluka pakhomo la madokotala a mtima, kachingwe kapulasitiki kali pamkono, anangoti gululu ndi Mayi Belinda atavala yunifolomu.

"Anangozo, mwadzazonda ndani kuno?"

"Aa, ndimangodutsa, asisi."

Mayi Belinda anayang'ana chikwangwani cha pakhomopo, anayang'ana kachingwe kaja, kenako anayang'ana akakolo a Mayi Vainess omwe anali atatupa mpaka kusefukira m'nsapato. Namwino wa zaka zambiri safunika kuuzidwa. Anawagwira dzanja n'kuwatengera pabenchi ya pafupi ndi windo, kutali ndi anthu.

"Ine sinditsegula mafayilo a anthu, angandichotse ntchito. Ndiye mundiuze nokha."

Mayi Vainess anayesa kuseka, koma sizinatheke. Ananena zonse, za kachitseko ka mumtima, za Kingsley ndi kabokosi kake, za tsiku lija anadzayendera maliro. Ankalankhula akuyang'ana pansi, ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Anamaliza ndi kupempha kuti, zikavuta, thupi lawo lidzapite ku Tsangano, ndipo Shalom asadzakhale yekha.

Mayi Belinda anawayang'ana m'maso. Atalankhula, mawu awo anali otsika koma aukali.

"Ndiye inu miyezi yonseyi mumatiyang'ana ngati adzukulu okumba manda? Mandasi onse aja munali kulipiriratu maliro anu?"

"Ayi asisi, si choncho."

"Ndi choncho. Mwatipatsa ntchito yokuikani, mwatimana ntchito yokudwazikani. Kodi kwanu ku Ntcheu anthu amangodziwa kulira, sadziwa kuzonda odwala? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, Anangozo. Ndani akuphikireni mukatuluka? Ndani akusambitseni? Inu mwasambitsa azungu zaka zonsezi, mukuona ngati ife manja tilibe?"

"Sindimafuna kuvutitsa anthu."

"Maliro ndiye savutitsa?" Anapumira m'mwamba. "Shalom akudziwa?"

Mayi Vainess anapukusa mutu. Pa zonse, ichi ndi chimene ankachiopa kwambiri, kuposa mpeni wa dokotala.

"Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndikubwera kwanu. Womuuza ndinu, ine ndidzangokhala pampando. Mukapanda kumuuza, sindichoka."

Anabweradi. Shalom anali patebulo ndi mabuku ake, ndipo ataona mayi ake akhala mowongoka manja ali pamaondo, anatseka kompyuta. Mayi Vainess anayamba ndi kutali, za matenda a ubwana, za madokotala a masiku ano omwe ndi odziwa ntchito. Mayi Belinda anatsokomola. Ndiye Mayi Vainess ananena mawu akewo, opaleshoni ya mtima, sabata ziwiri zikubwerazi.

Shalom sanalire msanga. Anafunsa kuti anadziwa liti. Atamva kuti anadziwa ali ku Denver, nkhope yake inasintha, ndipo zinaoneka kuti akubwerera m'mbuyo, akulumikiza ulendo wa ku Indianapolis, nyumba ya maliro ija, ndi Loweruka lililonse lomwe anakokeredwa kukatsuka mbale kwa anthu ofedwa.

"Ndiye si lendi," anatero m'Chingerezi, mawu ali pansi. "Munandisankhira tawuni yoti ndidzakhalemo wamasiye."

Mayi Vainess anafuna kukana. Anatsegula pakamwa, koma bodza linali litatha. "Eya, mwanangu. Ndimaopa."

"Inenso ndikanaopa nanu limodzi, Mami. Chaka chonse mwakhala mukuopa nokha m'nyumba momwe ine ndili."

Anadzuka n'kukadzitsekera kubafa, ndipo kulira kwake kunkamveka pamwamba pa madzi omwe anatsegula. Mayi Vainess anafuna kumutsatira koma Mayi Belinda anawakhazika pansi. Anati amusiye alire, ndi ufulu wake, wabisiridwa nthawi yaitali. Kenako anatulutsa foni n'kuyamba kuimbira amayi a kutchalitchi mmodzimmodzi, kugawa masiku ophika ndi ogona kwa wodwala, mwini wake ali pomwepo akumva dzina lake likutchulidwa m'nyumba za anthu. Anachita manyazi ngati avulidwa pagulu. Masiku otsatirawo anthu anayamba kubwera, ena ndi zipatso, ena ndi mapemphero aatali otopetsa, ena kudzangowakalipira. Lucious anaimba kuchokera ku Indianapolis, wokhumudwa, kufunsa ngati funso lija la m'galimoto linali limeneli. Shalom anayamba kugona m'chipinda cha mayi ake, pamatiresi apansi, ndipo nthawi zina Mayi Vainess ankatsegula maso m'bandakucha n'kumupeza atadzuka, akumvetsera ngati akupuma.

Mantha sanathe. Anthu amati ukauza anzako katundu amapepuka, koma mtima wochucha suleka kuchucha chifukwa anthu adziwa. M'mawa wa tsikulo anawaveka mkanjo wa kuchipatala wotseguka kumsana, anawavula mphete ndi mpango, ndipo anaoneka ochepa kwambiri pabedi lamatayala lija. Anawafunditsa bulangete lotentha. Kuchipinda chodikirira kunali amayi angapo ndi mafulasiki awo, Lucious ali pakona atanyamuka ku Indianapolis kusanache. Kumalo okonzekererako analola anthu awiri okha, Shalom ndi Mayi Belinda, omwe anatenga ofu tsiku limenelo.

Anamwino awiri atabwera kudzamasula mabuleki a bedi, Mayi Vainess anagwira dzanja la Shalom. Linali lozizira ngati lawo. Analikoka, n'kuliika m'dzanja la Mayi Belinda, n'kuphimba manja awiriwo ndi lawo, monga amachitira akuluakulu kwathu akaona kuti ulendo wafika.

"Asisi, mwana wanu uyu. Ndakusiyirani."

Shalom anayamba kusisima. Mayi Belinda anagwira dzanja la mtsikanayo mwamphamvu, koma anapukusa mutu, maso ali gwa pa wodwalayo.

"Sindikulandira, Anangozo. Ndingokugwirirani mpaka madzulo. Mubwere mudzatenge mwana wanu."

Bedi linayamba kuyenda. Mayi Vainess anapotoza khosi kuti aziwaonabe awiriwo, ndipo anawaona ataima pomwepo, osasiyana manja, mpaka zitseko zinatsekeka.